Pampu ya insulini kwa mayi wa zaka 71 wodwalanso impso: lipoti la miyezi 20

Anafika nawo kuchipatala cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mu Juni 2023, kukuzizira monga mmene kumachitira ku Chipata mwezi umenewo. Anali mayi wa zaka 71, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito. Mdzukulu wawo wamkazi, amene ankagona nawo chipinda chimodzi, anadzidzimuka atamva akubuula. Anawapeza bulangeti lanyowa ndi thukuta, mawu sakumveka, dzanja lamanja lili lende. Abale anali atagamula kale kuti ndi sitiroko, ndipo wina anali atayamba kuimbira foni achibale a ku Lundazi. Nesi wa usiku umenewo, asanachite china chilichonse, anawabaya chala. Shuga anali 2.1 mmol/L. Tinawapatsa madzi a shuga (dextrose) mumtsempha, ndipo pasanathe mphindi 15 anatsegula maso n'kufunsa amene wawavula duku.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha zimene zinatsatira, makamaka cholakwa chimodzi chimene ine mwini ndinachita pamene zonse zinkaoneka kuti zikuyenda.

Mbiri yawo ndi zimene tinapeza

Anawapeza ndi shuga ali ndi zaka 48. Mapiritsi anawagwira zaka zitatu zokha, kenako anayamba jakisoni, kapena nyeleti monga ankanenera eniake. Kadi yawo inkati type 2, mtundu wa shuga umene kawirikawiri umagwira akuluakulu onenepa, koma anali mayi woonda, makilogalamu 54, ndipo sananenepepo chiyambire. Ankabaya Mixtard 30, insulini yosakaniza yogwira msanga ndi yokhalitsa, mayunitsi 26 m'mawa ndi 16 madzulo, mlingo umene palibe anaukhudza kwa zaka zisanu. Ankamwanso mapiritsi a shuga a metformin 500 mg kawiri patsiku, ndiponso enalapril ndi atenolol za BP. M'maso monse muwiri munali ng'ala, mapazi anali ndi dzanzi mpaka mu akakolo, ndipo zala zinali zopindika ndi nyamakazi.

Magazi anasonyeza kuti eGFR, muyeso wa mmene impso zikugwirira ntchito, inali 27. M'kadi momwemo munali zotsatira za mu 2020 zosonyeza 58. Hemoglobin, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali 9.8, ndipo HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali 6.9%.

Nambala yomalizayi ndi imene inapusitsa anthu kwa nthawi yaitali. Aliyense amene ankawaona ku kiliniki ankawayamikira kuti akusamala bwino shuga. Iwonso, pokhala mphunzitsi, ankanyadira 6.9 ngati malikisi a mayeso. Koma impso ndi zina mwa ziwalo zimene zimachotsa insulini m'thupi, ndiye zikafooka, mlingo womwewo umakhalitsa m'magazi n'kumagwira ntchito mopitirira. Mayi wa eGFR 27 ankabaya mlingo wa mayi wa eGFR 58. Atenolol nayenso amachoka m'thupi kudzera mu impso, ndipo amabisa kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera, zizindikiro zimene zikanawadzutsa shuga asanafike pansi. Kuwonjezera apo, HbA1c ya munthu wochepa magazi ndiponso wodwala impso siyodalirika kwenikweni.

Nditamufunsa mdzukulu payekha, anaulula kuti kwa miyezi ingapo ambuya ake ankadzuka usiku akuyankhula zosokonekera, nthawi zina kuitana ana asukulu amene anawaphunzitsa zaka 30 zapitazo. Pakhomo ankangoti ndi ukalamba. Anthu ena m'komboni anali atayamba kunong'ona zina, zimene aliyense wogwira ntchito kuno akudziwa kuti zimanenedwa kwa nkhalamba yoyankhula yokha usiku.

Zimene tinachita poyamba

Tinasiya metformin chifukwa eGFR inali pansi pa 30. Atenolol tinamuchepetsa pang'onopang'ono kwa masabata awiri n'kuika amlodipine m'malo mwake. Mixtard tinamutsitsa kufika pa mayunitsi 20 m'mawa ndi 10 madzulo. Ndinawauza kuti kuyambira tsopano tikufuna HbA1c ya pafupi ndi 8, monga malangizo a American Diabetes Association amanenera kwa okalamba amene ali ndi matenda angapo. Sanakondwere. Anati, "Adokotala, mukufuna ndibwerere m'mbuyo?" Zinatenga maulendo atatu kuti avomereze kuti shuga wa 2 usiku umodzi angawaphe msanga kuposa shuga wa 10 kwa zaka zisanu.

Banja lonse tinaliphunzitsa za kutsika kwa shuga: akaoneka ofooka, akutuluka thukuta kapena akusokonezeka, apatseni masipuni atatu a shuga m'madzi, dikirani mphindi 15, yezaninso. Anamvetsa bwino. Mfundo imeneyi tidzabwereranso.

Kutsitsa mlingo kunathandiza theka lokha. Vuto la Mixtard n'lakuti ukabaya m'mawa, wadzilonjeza kuti udya masana, pa nthawi yake, mlingo wake. Mayi awa njala inali itayamba kuchepa chifukwa cha impso. Tsiku lina ankadya mitanda iwiri ya nsima, tsiku lina theka la mtanda n'kukankha mbale. Akapita kumapemphero a amayi Lachinayi, chakudya chamasana chinkafika 3 koloko. M'buku limene mdzukulu ankalemba munali manambala a 18 ndi 20 madzulo, komanso 3.2 ndi 2.8 kawiri kapena katatu pamwezi. Tikakweza, amagwa. Tikatsitsa, amakodza usiku wonse.

Mmene pampu inabwerera

Maganizo a pampu sanachokere kwa ine. Mwana wawo wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye anaimba foni n'kunena kuti alipira zonse. Ndinakayikira. Pampu si chinthu chimene timapereka m'zipatala za boma kuno, zipangizo zake sizipezeka m'mafamasi a mu Chipata, ndipo katswiri amene akanaiyambitsa anali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 pa Great East Road. Komabe mfundo za mwanayo zinali zomveka, ndipo katswiri uja atayeza C-peptide, muyeso wa insulini imene thupi limapanga lokha, anapeza kuti thupi la mayiwa silikupanga insulini pafupifupi n'komwe. Ngakhale kadi inkati type 2, shuga wawo ankachita ngati wa type 1.

Kwa anzanga amene simunaionepo: pampu ndi kamakina kochepera foni, kokhala ndi kabotolo ka insulini yogwira msanga, kwa ife inali aspart. Kamatumiza insulini pang'onopang'ono usana ndi usiku kudzera m'kapaipi kopita ku kanula, kachubu kofewa kamene kamakhala pansi pa khungu la pamimba. Pa nthawi ya chakudya munthu amadina mabatani kuti alandire mlingo wowonjezera. Kanula amasinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse. Yathuyi inkalumikizana ndi sensa ya pakhungu yoyeza shuga nthawi zonse, ndipo shuga akatsika inkaimitsa insulini yokha. Kwa mayi amene sankamvanso zizindikiro za kutsika kwa shuga, chimenechi ndicho chinandikopa.

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense ayenera kuchigwira: munthu wa pa pampu alibe insulini yokhalitsa m'thupi. Kapaipi kakatsekeka, pakangopita maola ochepa amakhala ngati sanabayepo chilichonse. Ndinkadziwa zimenezi. Ndinazinena pakamwa, koma sindinazilembe papepala loti likhale pakhoma.

Tinayamba mu Okutobala 2023. Pa mayunitsi 30 a patsiku tinachotsapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, monga zimachitikira posamukira pa pampu, n'kutsala 23. Theka lake linali loyenda mosalekeza: 0.35 pa ola kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndi 0.5 pa ola nthawi yotsalayo. Zowerenga magalamu a chakudya tinazisiya dala. Palibe amene amayeza nsima pasikelo, ndipo ufa wa kuchigayo ndi wa m'sitolo sizifanana. Tinagwirizana kuti mtanda umodzi wa chipande cha pakhomo pawo ndi mayunitsi atatu, phala la m'mawa atatu, mbatata yapakati awiri, ndipo mlingo uziperekedwa akamaliza kudya, ataona chimene chalowadi m'mimba. M'nyengo ya mango tinachita kukambirana ngati pamsika, mpaka tinagwirizana limodzi patsiku, ndi mayunitsi ake.

Mayiwa sankatha kuwerenga manambala a pa pampu chifukwa cha ng'ala, ndipo zala zawo sizinkatha kudzaza kabotolo kapena kulowetsa kanula. Zonsezi ankachita mdzukulu, mtsikana wa zaka 22, wamutu wakuthwa, amene anaphunzira m'masiku awiri zimene ine zinanditengera sabata. Usiku ankagona foni ili pamtsamiro. Tinkatumizirana zithunzi za manambala pa WhatsApp Lolemba lililonse.

Miyezi khumi yotsatira ndingaifotokoze mwachidule. Shuga sanatsikenso pansi pa 3. HbA1c inakhazikika pa 7.8%. Zoyankhula za usiku zinatheratu, ndipo manong'onong'o aja anatha nazo. Mayiwa anabwerera ku kwaya. Ine ndinayamba kutchula nkhani yawo kwa anzanga monyadira.

Ogasiti 2024

Chaka chimenecho chinali cha chilala. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika kwambiri, magetsi ankazima maola ambiri kuposa amene ankayaka, ndipo nkhawa yanga yonse inali pa firiji. Insulini yosatsegula imafuna kuzizira kwa 2 mpaka 8°C, ndiye tinakonza mtsuko wadothi wokhala mumchenga wonyowa, pamalo a mthunzi, kuti uzithandiza firiji ikatentha. Ndinkayang'ana kumene kunalibe ngozi yeniyeni.

Zinthu zitatu zinakumana sabata imodzi. Katundu wochokera ku Johannesburg anachedwa, moti masensa anatha ndipo kwa masiku 12 ankangodalira kubaya chala. Kenako kunagwa maliro ku Lundazi, a bambo ake a mdzukulu uja, ndipo mtsikanayo sakanachitira mwina koma kupita. Ananyamuka Lachiwiri atasintha kanula, akuganiza kuti abwerera Lachisanu. Maliro anatalika. Lachisanu madzulo pampu inalira kuti insulini yatsala pang'ono, ndipo mayiwa, posafuna kuvutitsa mwana amene ali pachisoni, anaitana mpongozi wawo kuti awathandize. Mpongoziyo anali ataonererapo kangapo, koma anali asanagwirepo. Anasintha zonse cha m'ma 8 koloko usiku, magetsi atazima, akuunikira ndi tochi ya pafoni. Kenako onse anakagona.

Lamulo lakuti kanula asasinthidwe munthu akupita kukagona, ndiponso kuti shuga ayezedwe pakatha maola awiri, mdzukulu ankalidziwa. Mpongozi sanauzidwepo ndi aliyense.

M'mawa shuga anali 19. Anadina mlingo wowonjezera pa pampu. Cha m'ma 10 koloko anali 24, ndipo anadinanso. Apa ndi pamene panafunika jakisoni wamanja, chifukwa mlingo wa pa pampu ukalephera kutsitsa shuga kamodzi, wachiwiri umaperekedwa ndi sirinji ndipo kanula amasinthidwa. Masirinji anali m'kabati. Palibe anadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi, kapena mayunitsi angati. Pampu sinalire chifukwa, kumbali yake, insulini inkatuluka ndithu.

Masana anayamba kusanza ndi kumva m'mimba. Apabanja anati ndi malungo. Atayamba kuwodzera ndi kuyankhula zosamveka, mpongozi anakumbukira phunziro lathu la chaka chatha, ndipo pokhala kuti timapepala toyezera tinali titatha pa kuyeza kwa m'mawa, anawamwetsa kapu ya thobwa lothira shuga. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Anachita ndendende zimene tinawaphunzitsa, ndipo pamene palibe choyezera, kupereka shuga kwa wodwala wosokonezeka ndi chinthu chimene ifenso timalangiza. Kungoti tinaphunzitsa banjali kuopa dzenje limodzi, lina lija osalitchula.

Anafika kwa ife cha m'ma 7 koloko usiku Loweruka, maola 23 chisinthireni kanula. Kamakina koyezera shuga kanangolemba HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kupitirira pamene kangayeze. Ankapuma mozama ndi mofulumira, lilime lili gwa, mkodzo uli ndi maketoni (asidi amene thupi limapanga likasowa insulini) 3+, mchere wa potassium m'magazi 5.9, creatinine, imene imakwera impso zikafooka, itakwera pafupifupi kawiri. Malungo sanapezeke. Nditachotsa kanula ndinapeza kachubu kapindika ngati mbedza, ndipo pulasitala inkanunkha insulini. Pamimba pa mayi woonda chotere mafuta ndi ochepa, ndipo analowetsa pafupi ndi fupa la m'chiuno.

Kuchiza DKA, vuto la kuchuluka kwa maketoni m'magazi, mwa nkhalamba ya impso zofooka n'kosiyana ndi mwa mnyamata wa zaka 20. Madzi amene mabuku amalemba akanawadzaza m'mapapo. Tinapereka madzi a mumtsempha a normal saline lita imodzi m'maola awiri oyamba, kenako 250 ml pa ola, tikumvetsera pachifuwa ndi kuyeza mkodzo ola lililonse. Insulini yogwira msanga ya soluble tinaiyendetsa mumtsempha pa mayunitsi atatu pa ola, pafupifupi theka la mlingo wozolowereka wa 0.1 pa kilogalamu, podziwa kuti ichedwa kuchoka m'thupi. Potassium sitinawonjezere mpaka itatsika ndipo mkodzo utayamba kutuluka bwino. Enalapril tinamuimitsa. Maketoni anatha Lolemba m'mawa. Insulini ya mumtsuko uja, imene ndinkaikayikira, tinaiyesa ndi sirinji ali m'wodi ndipo inatsitsa shuga bwinobwino.

Anagona masiku asanu ndi limodzi. Impso sizinabwerere pamene zinali. eGFR inakhazikika pa 23.

Kubwerera pa pampu kapena ayi

Tinakhala pansi tonse, mwana wa ku Johannesburg ali pafoni. Iye ankafuna pampu ipitirire, ndipo anali ndi mfundo: miyezi khumi yabwino isafafanizidwe ndi usiku umodzi. Analonjeza kutumiza zipangizo za miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Katswiri wa ku Lusaka anapereka njira yapakati, yoti gawo lina la insulini yoyenda mosalekeza lizibwera ndi jakisoni wa glargine, insulini yokhalitsa, kamodzi patsiku, kuti kanula akapindikanso m'thupi mukhale kotsalira. Njira imeneyi ndinaikonda, ndipo kwa wodwala wina ndingaiyese.

Chimene chinasintha maganizo anga ndi mawu a mdzukulu. Ananena mwamanyazi, akuyang'ana pansi, kuti anapeza malo ku koleji ya unamwino ndipo ayenera kuyamba mu Januwale, koma sanauze aliyense poopa kuti ambuya atsala ndi yani. Pamenepo ndinazindikira kuti mu Okutobala 2023 ndinayeza impso, maso, zala ndi kulemera kwa wodwala, koma sindinafunse funso losavuta: mtsikana uyu akachoka, ngakhale masiku atatu, ndani agwire? Chithandizo chonse chinali chitatsamira pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ndi moyo wakewake umene tinaumangirira pa kapaipi osamufunsa. Kuno maliro sachenjeza, ndipo palibe amene angauze mwana kuti asakaike bambo ake chifukwa cha kanula.

Mayiwa anamvetsera onse, kenako anati, "Mwanayu apite kusukulu. Ine ndipatseni chimene ndingachite ndi manja angawa."

Tinasankha mapeni obayira insulini. Glargine mayunitsi 10 m'mawa, osati usiku, kuti mphamvu yake ikamachepa kukhale kukucha. Aspart akamaliza kudya, ndi muyeso womwe uja wa mitanda, ndipo akadya zosakwana theka la mtanda asabaye. Peni ili ndi ubwino umene sindinkaulabadira kale: ikamazunguzidwa imalira kamodzi pa yunitsi iliyonse, ndiye munthu wosaona bwino amawerenga ndi khutu. Sensa tinaisunga, chifukwa imagwira ntchito popanda pampu, ndipo masiku amene yasowa amabaya chala kanayi.

Nthawi ino tinaphunzitsa anthu atatu: mpongozi, mnansi wa khomo loyandikana amene amapemphera nawo, ndi mnyamata wa Giredi 11 wa m'nyumbamo. Aliyense anabaya pamaso pathu katatu asanatuluke. Tinalemba pepala limodzi m'Chinyanja, zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi shuga akatsika, mbali ina akakwera kapena akasanza, ndi manambala awiri a foni. Pamwamba pake tinalemba kuti: yezani kaye. Timapepala toyezera 10 ndi toyezera maketoni mumkodzo tinatiika m'kabotolo kapadera kosatsegulidwa masiku wamba.

Kwa amene mudzakumane ndi banja lofuna pampu, ndipo mabanja otere akuchuluka pamene ana akugwira ntchito kunja, ukalamba pawokha si chifukwa chowakanizira pampu. Mayi awa inawathandizadi, ndipo kutsika kwa shuga kwa usiku inakuthetsa pamene Mixtard analephera. Koma ndikanayambanso lero, sindikanalola kanula woyamba kulowa popanda anthu awiri odziwa kusintha, mlingo wa jakisoni wamanja wolembedwa ndi kumatidwa pakhoma, zoyezera maketoni m'nyumba, ndi zipangizo za mwezi wathunthu zosungidwa padera. Ndikanayesanso glargine ndi aspart poyamba. Tinalumpha sitepe imeneyi chifukwa ndalama ya pampu inalipo ndipo tonse tinatengeka nayo. N'kutheka kuti theka la ubwino umene tinkautamanda linabwera chifukwa chosiya Mixtard ndi kubaya akamaliza kudya, osati chifukwa cha makinawo.

Mmene alili

Mu Novembala 2024 anachotsedwa ng'ala ya diso lamanja, ndipo tsopano amawerenga okha manambala a pa peni, ngakhale amawerengabe ndi khutu mwa chizolowezi. Mwana wawo atamva zimenezi anafunsanso za pampu. Anakana.

Ndinawaona komaliza mu Febuluwale 2025, sabata ya Nc'wala, tauni itadzaza alendo opita ku Mtenguleni. M'miyezi isanu ndi umodzi shuga anatsika kawiri, 3.6 ndi 3.4, masana, ndipo maulendo onse awiri sensa inalira iwo n'kudzithandiza okha. HbA1c inali 8.2%, eGFR 22. Glargine ndinamutsitsa kufika pa mayunitsi 9, ndipo tayamba kukambirana ndi banja za impso, nkhani imene ikhale yovuta kuposa ya shuga. Mdzukulu anali m'chaka choyamba ku koleji. Pampu ili m'bokosi lake pamwamba pa kabati, batire titachotsa, ndipo mayiwa anandifunsa ngati ndikudziwa mwana wina wa shuga amene ingamuthandize. Ndinawauza kuti ndiyamba ndaona kunyumba kwa mwanayo kuli anthu angati.